Madzi m'Khutu la Chengetai

"Siya botolo limenelo, Tobiyasi! Ndati siya!"

"Achemwali, muno ndi m'nyumba mwanga."

"Nyumba ya kampani iyi, usandinamize. Ndipo khutu ukufuna kuthiramo madzilo si lako."

Ndinali nditaima pakhomo, dengu la tiyi likadali kumsana, mvula ikutsika m'miyendo. Mlongo wanga Tobiyasi anali pamphasa atavala mkanjo wake woyera wa kumapemphero. Dzanja limodzi linali litapanikiza mutu wa mwana wake Chengetai pabondo, lina litagwira botolo la madzi lokhala ndi timiyala pansi. Mwanayo sankalira n'komwe, anali atatopa nako kulira. Mafinya achikasu anali atayenderera kuchoka m'khutu la kumanja mpaka pakhosi, ndipo fungo lake linandilonjera ndisanalowe.

Mkazi wake, Shylet, anali pakona pafupi ndi moto, akusefa ufa wosefasefa kale.

"La kumanzere linapita chaka chatha ndi madzi ako omwewa," ndinatero. "Ukamuitanira mbali iyo satembenuka, umadziwa iwe. Latsala limodzi, Tobi. Limodzi!"

"Mneneri wathu, Madzibaba Ezekieli, aona zonse. Muli mzimu woipa umene umanong'oneza mwanayu. Mafinyawa ndiko kutuluka kwake."

"Mzimu wanji wodikira nyengo ya mvula? Chimfine chikangomugwira, khutu layamba. Likaleka mwezi uno, mwezi wamawa labwerera. Mwana wa zaka ziwiri wautani mzimuwo? Tiye naye ku kiliniki."

Tobiyasi anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Maso ake analibe ukali, anali ngati a munthu amene wangodzuka kumene.

"Ku kiliniki ndinapitako, achemwali. Inu munalipo. William anafera pabenchi tikudikira mankhwala amene kunalibe. Ndinamunyamula wotentha, ndinabwera naye wozizira. Kumeneko sindibwererako."

William anali mwana wawo woyamba. Ndine ndinamusambitsa komaliza.

"Komanso ufa munadzatenga kuno dzana uja," iye anapitiriza, "unachokera ku kiliniki? Unachokera kumpingo umene mukuunyozawu."

Anapendeketsa botolo lija. Madzi analowa m'khutu, nasefukira pa tsaya. Chengetai anangogwedeza miyendo, basi.

"Amake Chenge," ndinatembenukira kwa Shylet, "iwe ulibe pakamwa? Mwana ndi wa bambo yekha?"

"Handizivi, tete. Sindidziwa," anayankha maso ali m'sefa. Shylet ndi mwana wa ku Mandeya, kumene mlongo wa mwamuna wako amamuti tete; chinyanja anaphunzirira pamoto pathu, ndipo akachita mantha chimamuthawa.

Chinali chaka chija m'mashopu a ku Hauna munatsala mashelefu okhaokha. Malipiro a pa esiteti ukawalandira m'mawa, pofika madzulo sagula ngakhale mchere. Amuna a mpingo wa zoyera ndiwo ankadutsa malire usiku n'kubwera ndi chimanga cha ku Mozambique pamutu, koma ankagawira a mpingo wawo okha. Ndiye anthu ambiri, ngakhale ife ana a amene anachoka ku Mulanje kudzathyola tiyi kuno, amene tinabatizidwa tili makanda, anameta mipala n'kugula nsalu yoyera. Lamulo lawo lalikulu linali limodzi: piritsi, jakisoni ndi chipatala n'zosaloleka. Wopezeka nazo ankamuchotsa pa mapemphero, ndi pa chimanga pomwe.

Ntchito ya Tobiyasi inali ya pa sikelo. Nthawi yoyeza masamba ikakwana ndiye ankamenya chitsulo, chimbale chakale cha pulawo chopachika pamkuyu, ndipo ife othyola tinkatuluka m'mizere ndi madengu athu. Chengetai ankachidziwa chitsulo chimenecho kuposa dzina lake. Chikangolira, ngakhale ali m'tulo kumsana kwa amake, ankadzidzimuka, n'kupendeketsa mutu kuti khutu labwinolo limve, kenako m'manja phwaphwa: "Baba! Ngo! Ngo!" Anthu a m'mizere yapafupi ankaseka, ndipo Tobiyasi akamuona patali ankamenyanso kamodzi kongomusangalatsa.

M'mawa mwake tinathyola m'mizere yoyandikana, ine ndi Shylet, mwana ali kumsana atafunditsidwa thumba la feteleza. Chitsulo chitalira, Chengetai anatembenuza mutu uku ndi uku ngati akufunafuna kumene kukuchokera phokoso. Anawomba m'manja anthu atayamba kale kuyenda.

"Waona?" ndinamufunsa Shylet. "Wamva mochedwa."

"Ndaona, tete."

"Nanga?"

"Ndikuopa. Mneneri amaona chilichonse."

"Akadamaona chilichonse akadaona kuti mwana akugontha. Ndipatse kuno. Iwe pita ku sikelo ndi madengu onse awiri. Sunapite kulikonse, sunaone kanthu. Akakufunsa, tete ake apita kukamupatsa phala."

Anamasula mbereko n'kundipatsa mwana.

Sisita Sofiya, namwino wa pa kiliniki ya esiteti, ndinamupeza akusenda nthochi zophika patebulo pomwe kale ankawerengerapo mapiritsi. Anasamba m'manja, nayatsa katochi, nasuzumira m'khutu la mwana nthawi yaitali.

"Kachikopa ka m'katimu kabooka," anatero. "Mwakhala mukuthiramo chiyani?"

"Madzi odalitsidwa. Bambo ake."

"Madzi ndi madzi, amayi. Odalitsidwa, osadalitsidwa, m'khutu lobooka amangopititsa zoipa m'kati."

"Ndinamva kuti mwana wa manejala anali ndi vuto lomweli, anakamuika timapaipi m'makutu ku Harare."

Sofiya anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Timapaipi timathandiza ana amene madzi atsekeka m'kati osatuluka. Uyu khutu ladziboolera lokha. Ndipo ku Harare kwakeko mupita pa chiyani? Mukafikako mukapeza zitseko zokhoma, anzathu sakupita ku ntchito. Iwalani za timapaipi. Zathu ndi izi."

Anang'amba kansalu koyera, nakapota pachikhatho mpaka kanakhala ngati chingwe cha koloboyi. Anakalowetsa pang'onopang'ono m'khutu muja, nakasiya kanthawi, nakatulutsa katanyowa. Anapota kena, n'kenanso, mpaka komaliza kanatuluka kouma.

"M'mawa, masana, madzulo. Osalowetsa kamtengo kapena nthenga. Pomusambitsa madzi asafike m'khutu. Asamagone pafupi ndi utsi, ndipo poyamwa azikhala tsonga, osati chogona. Ana ambiri amachira ndi zimenezi zokha, kachikopa kaja kamatsekeka. Koma uyu thupi latentha, akufunika ndi mankhwala akumwa." Analoza mashelefu. "Mukuona nokha."

Anatsitsa kabokosi kopanda kanthu n'kundipatsa. "Kaonetseni amene amadutsa malire. Akapezeka, amalize botolo lonse, ngakhale aoneke ngati wachira. Kulekeza panjira n'koipa. Ndipo mukadzaona kuseri kwa khutu kwatupa, kapena khosi lauma, musadzataye nthawi kubwera kuno. Mudzathamangire ku mishoni."

Wodutsa malire amene sanali wa zoyera analipo mmodzi, nkhalamba Estevao, wa miyendo ngati ya dokowe. Ndalama zathu ankazikana, ati zimangomulemetsa thumba. Anayang'ana kabokosi kaja, nayang'ana tambala wanga amene ankapalasa pakhomo.

"Tsidya lija alipo, mayi. Koma tambalayu wandikonda."

"Tengani, ndi ndewu yake yomwe."

Anabwera nawo sabata isanathe, ufa woyera m'kabotolo. Sofiya anausungunula ndi madzi owiritsa, ndipo unasanduka wofiirira ngati m'kati mwa gwafa, wonunkhira ngati switi. Kunyumba kwanga sindikanausunga, chifukwa m'komboni makoma ndi opyapyala ndipo azimayi a zoyera amalowa popanda odi. Tinaukulunga m'saka lonyowa n'kuubisa pansi pa chitsamba cha tiyi, m'mzere womaliza wa kumtsinje. Tikafika m'mawa supuni, pa nthawi ya sikelo supuni, poweruka supuni. Nsalu yanga yakale ndinaichapa, n'kuisita, n'kuing'ambang'amba tizidutswa ta m'khutu. Chengetai anawakonda mankhwalawo, ankanyambita milomo n'kumakanirira supuni.

Masana ife tinkaumitsa, madzulo bambo ake ankanyowetsa. Komabe mankhwala anayamba kupambana. Thupi linazizira, fungo linachepa, ndipo tsiku lina chitsulo chitangoti ngo, mwana anawomba m'manja nthawi yomweyo. Shylet anamwetulira. Ndinali nditaiwala kuti ali ndi mpata wa mano.

Loweruka masana ndikuchapa pakhomo, ndinaona anthu atatu ovala zoyera akutsika njira ya kumasowe, kuphiri kumene amapempherera. Patsogolo Shylet ndi mwana kumsana, pambuyo Tobiyasi, ndipo pakati Madzibaba Ezekieli ndi ndodo yake yaitali. M'komboni monse, chaka chimenecho, masaya onona anali ake okha.

"Rugare, mai. Mtendere," anatero ndi mawu ofewa.

"Mtendere unalipo musanafike. Mukufunanji?"

Tobiyasi sanadikire. Anagwira nsonga ya mpango woyera wa kumutu kwa mkazi wake n'kuikokera pamaso panga, mutu wa Shylet n'kutsatira. Pansongapo panali kabanga kofiirira, kakang'ono ngati chala chachikulu.

"Ichi n'chiyani, achemwali?"

Abale inu! Mtsikana uja anali atapukuta kukamwa kwa mwana ndi mpango, monga amachitira mayi aliyense. Pa nsalu yanga ya maluwa palibe akadaona. Koma nsalu yoyera sibisa kanthu.

"Ndaimirira pamaso pa mpingo wonse lero," Tobiyasi anatero. "Ndachitira umboni kuti madzi achiritsa mwana wanga. Ndamukweza m'mwamba, anthu aimba, ena alira. Ndikukhala pansi, amayi a kumbuyo kwa mkazi wangayu akumufunsa kuti kofiira pampangoka n'chiyani. Anunkhiza. Apatsirana mzere wonse kununkhiza! Mwandisandutsa choseketsa, achemwali."

"Ndiye chakupweteka n'chimenecho? Si khutu la mwana, koma manyazi ako? Mwana akuchira, Tobi! Wamuona wekha, wamukweza wekha m'mwamba. Chamuchiritsa chilichonsecho, chisiye chimalize ntchito."

"Chamuchiritsa ndi pemphero," Ezekieli analowererapo. "Satana waona kuti mwana akuchira, ndiye wathamanga ndi botolo lake kuti ulemu ukhale wake. Ndi mmene amachitira."

"Inu ndevu zanuzo, munaberekapo? Munagonapo ndi mwana wotuluka mafinya pachifuwa? Satana wake ndine, ndinagulitsa tambala wanga. Lembani dzina langa, Felicitas, mukalitchule kuphiri kwanuko mpaka mawu athe."

Sanakwiye. Anthu otero sakwiya, n'chimene chimandipsetsa mtima. Anatembenukira kwa Shylet.

"Ife sitikakamiza munthu, mwanangu. Botolo lili kumene lili, iwe ukudziwa. Ukafuna, lisunge, uyende ndi tete ako. Ukafuna kukhala ndi ife, ukalitaye ndi dzanja lako. Chimanga chafika usiku wathawu, tigawa mawa. Sankha wekha."

"Amake Chenge, usayerekeze," ndinatero. "Sisita anati amalize lonse. Unamva ndikukuuza."

Shylet anandiyang'ana. Nkhope yake inalibe chilichonse, ngati mbale yotsuka.

"Tete, tidya chiyani? Mkaka wanga umachokera m'chimanga chomwecho. Inuyo mudya chiyani?"

Anayamba kuyenda kulowera ku mizere ya kumtsinje, ife pambuyo ngati tikuperekeza maliro. Anagwada, natulutsa saka lija, natsegula botolo. Linali lisanafike n'pakati pomwe. Chengetai ataliona anatambasula dzanja kuchokera kumsana, kukamwa yasa, kudikira supuni. Amake anakhuthulira zonse pansi pa chitsamba, dothi n'kumwa.

Ndinkayesa ndikuwa, kapena kumenya wina. Sindinachite chilichonse. M'mutu mwanga munangoti zii, ndipo ndinabwerera kukamaliza kuchapa.

Mawa lake anawatengera kuphiri, mayi ndi mwana, kuti akayeretsedwe. Tobiyasi anapempha tchuthi n'kupita nawo. Kumasowe kulibe nyumba, kuli miyala, mitengo ndi mapepala a pulasitiki omanga panthambi. Mvula sinaleke sabata imeneyo.

Ine ndinkapita ku ntchito. Mukufuna ndinene chiyani? Ndinkathyola, kuyeza, kubwerera, kugona. Chitsulo ankamenya Tapera, mnzake wa Tobiyasi wa pa sikelo, ndipo kamenyedwe kake kanali kolemera, kopanda kaja kowonjezera. Ndinakauza kapitawo, anati za m'banja salowerera. Ndinauza wapolisi wina amene anadzagula nthochi, anati galimoto ilibe mafuta ndipo nkhani za mipingo n'zovuta. Estevao anali atawolokanso, komanso ndikadamupatsa chiyani, tambala anali mmodzi. Tizidutswa ta nsalu tija tinali pawindo, tosita bwino, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatiyang'ana n'kutuluka.

Lachisanu mayi wina wa zoyera, amene tinkathyola naye limodzi, anadutsa pafupi nane n'kunena osandiyang'ana: "Mwana wa mlongo wanu sakuyamwa." Ndinasiya dengu pomwepo m'mzere n'kukwera phiri.

Ndinawapeza akuimba atazungulira pepala la pulasitiki. Pansi pake panali Shylet atatambalala, mwana ali pamiyendo. Chengetai anali atapindikira kumbuyo, mutu utakokeka, maso otseka mwatheka. Tsitsi lake linali lonyowa ndi madzi othira. Kuseri kwa khutu la kumanja kunali kutatupa ngati dzira, mpaka khutulo linakankhikira kutsogolo. Ndinayesa kuweramitsa mutu wake, khosi linali gwa, ndipo analira kulira kwakuthwa kumene sindinamumvepo.

"Kuyambira liti?"

"Dzulo, tete," Shylet anayankha ngati akunena za mwana wa munthu wina.

Ndinamunyamula. Nyimbo inaduka.

"Mzimu ukulimbana potuluka, mai," Ezekieli anatero. "Mukamuchotsa pamalo oyera pano, magazi ake ali pamutu panu."

"Akhale pamutu panga, mutu wanga unazolowera kusenza. Chokani panjira."

Amuna awiri anaimirira kutsogolo kwanga. Ndinayang'ana Tobiyasi. Anali ataima pambali, ndodo ili m'manja, maso ali pakhosi pa mwana wake. Anayandikira, naika chikhatho pansi pa kamutu kaja, nayesa kukadzutsa. Khosi linakana. Ndinaona milomo yake ikuyenda, ndipo dzina limene inatchula silinali la Chengetai, linali la William.

Anataya ndodo. Anavula mkanjo wake woyera pamaso pa onse, natsala ndi kabudula ndi vesiti yong'ambika. Anakulunga mwana mumkanjomo, namulanda m'manja mwanga, nadutsa pakati pa amuna awiri aja. Shylet anadzuka n'kutitsatira. Palibe anatiletsa, ndipo tisanafike patali nyimbo inayambiranso.

Thirakitala ya masamba inatifikitsa pamsewu wa tala. Kuchoka apo tinayenda pansi, kenako lole ya nthochi inatimvera chisoni. Ku chipatala cha mishoni anthu anali atagona mpaka m'makonde, chifukwa zipatala zina zinali zotseka, koma namwino atangoona khosi lija anatidutsitsa pamzere. Anamubaya jakisoni, namuika diripi pamutu. Dokotala, mayi wamng'ono wa maso otopa, anati matenda a m'khutu alowa m'kati mpaka afika ku ubongo.

"Akadapanda kulekeza mankhwala aja?" ndinafunsa.

"Sindinganene motsimikiza, amayi. Tiyeni tilimbane ndi zimene zilipo."

Tobiyasi anabwerera ku esiteti mwana atangotsegula maso, chifukwa wojomba nthawi yaitali amamulanda nyumba. Ine ndi Shylet tinatsala. Tinkagona pansi pa bedi, kudya zimene achibale a odwala ena atigawira. Shylet sanalire ngakhale kamodzi, ndipo ine sindinamukalipire ngakhale kamodzi.

Patapita masabata, chotupa chinaphwa, khosi linafewa, mwana anayamba kudya phala ndi kuyenda mogwira bedi. Tsiku lotuluka dokotala anatiitanira pambali.

"Moyo wapulumuka. Koma matenda amenewa nthawi zina amawononga kumva m'makutu onse awiri, ndipo kukawonongeka motero sikubwerera. Ndamuyesa kangapo. Musayembekezere zambiri. Khutulo muzipitiriza kuliumitsa, likutulukabe pang'ono. Akadzakula, kuli masukulu a ana otere."

Shylet anati, "Tatenda. Zikomo," namanga mbereko.

Tinafika m'komboni madzulo. M'nyumba ya Tobiyasi munalibe ufa, chifukwa chimanga cha mpingo chinaleka tsiku limene anavula mkanjo. Botolo la timiyala linalibenso. Anamulandira mwana wake, namupsompsona, namuponya m'mwamba, mwana n'kumaseka. Ndinamuuza zimene dokotala ananena, mawu ake onse, osachotsapo.

"Achemwali, inu mumakonda kukuza zinthu," anatero akumwetulira. "Taonani mmene akusekera. Chenge! Chenge, mwana wa baba!"

"Akukuona pakamwa, Tobi."

"Watopa ndi ulendo. Mawu a munthu ndi aang'ono. Chitsulo achimva, muona mawa."

M'mawa mwake kunacha bwino, mvula italeka. Tinalowa m'mizere, ine ndi Shylet. Iye anali atavalabe mpango woyera uja, osati chifukwa cha mpingo, koma analibe wina. Tobiyasi anati mwana atsale naye pa sikelo.

Madengu asanafike n'pakati, chitsulo chinalira. Tinayang'anana m'mizere monse, chifukwa dzuwa linali likadali m'munsi. Chinaliranso. Anthu anayamba kutuluka akung'ung'udza, ena akuti kapena thirakitala yabwera msanga. Koma chitsulo sichinaleke monga mwa masiku onse. Chinangopitirira, ngo, ngo, ngo, mofulumira, ngati kwabuka moto.

Titafika pamkuyu tinapeza Chengetai atakhala pansi, chitsulo chili kumbuyo kwake pafupi kwambiri. Anali akundandalika njere za tiyi pafumbi, imodzi pambuyo pa inzake, lilime lili panja chifukwa cha khama. Tobiyasi ankamenya ndi manja onse awiri, thukuta likutsika, maso ali pankhongo ya mwana wake. Phokoso lake linkalasa m'mano. Makanda a kumsana kwa azimayi ena anayamba kulira, agalu a m'komboni anauwa, mbalame zonse zinathawa mumkuyu. Chengetai anatola njere ina, naiyang'ana, naiika pamzere.

Kapitawo anabwera akuthamanga. "Iwe Tobiyasi, wapenga? Ndani wakuuza kuti..." Anaona mwanayo n'kuima pomwepo.

Tinaima chozungulira, anthu a esiteti yonse, ovala zoyera ndi osavala, madengu osadzaza ali kumsana. Palibe anamugwira dzanja. Anamenya mpaka chomenyera chinapulumuka n'kugwera patali, ndipo anatsala ataima, manja lende, akupuma ngati wathamanga. Chitsulo chinang'ung'uza chokha kanthawi, kenako zii.

"Chenge," anaitana chapansipansi.

Mwana anali akuwongola njere imene inapotoka pamzere.

Shylet anatula dengu. Anamasula mpango woyera uja, mutu wometa n'kukhala pamtunda, azimayi a kumasowe akuona. Anauluma m'mphepete, naung'amba, napota kachidutswa pachikhatho monga ndinamuphunzitsira. Anagwada pambali pa mwana wake, napendeketsa kamutu kaja, nayamba kuumitsa khutu.

Kapitawo anakanda m'mutu, nayang'ana dzuwa, nayang'ana ife.

"Popeza mwabwera kale," anatero, "bwerani tiyeze."

Tinaima pamzere, ndipo Tobiyasi anapachika dengu loyamba pa sikelo.